Amayi, Tisamale Khosi Losenza Banja

 Sabata ino tikambirane za chiŵalo chimene chimayamba ntchito tambala woyamba akalira ndi kuŵeruka nthaŵi yogona, koma palibe amene amachiyamika kapena kuchifunsa kuti chadzuka bwanji. Ndikunena khosi.

M'misonkhano ya magulu athu a amayi, tikatha kuŵerengera ndalama za banki m'khonde ndi kukambirana za feteleza, dandaulo limene silisoŵa ndi lakuti, "Khosi langali landisautsa, usiku sindiona tulo." Wina amati ululu umayambira kunkhongo ndi kutsikira m'mapheŵa, wina amati akafuna kucheuka amatembenuka thupi lonse ngati ng'ombe ya m'goli. Ambiri amangoti ndi ukalamba, ena amati ndi nyamakazi, ndipo alipo ena amene amayamba kukayikira anansi awo kuti aŵalodza. Tsono masiku ano kwamveka njira ina yochepetsera ululuwu, yosisita minofu ya khosi ndi kachitsulo kosalala, ndipo amayi angapo afunsa ngati n'koyenera kutayirapo ndalama. Yankho lake ndi ili: kachitsuloko kamapepuza ululu kwa masiku oŵerengeka, koma chimene chimapatsa khosi mpumulo wokhalitsa ndi mafizo ochita tokha tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi kuchepetsa katundu wa pamutu.

KATUNDU AMENE KHOSI LIMASENZA

Khosi la munthu lili ndi timafupa 7 tosanjikizana, ndipo pakati pa timafupato pali tinthu tofeŵa tonga nkhata zing'onozing'ono, timene timateteza mafupa kuti asakhulane. M'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene nthambi zake zimaloŵa m'mikono kufikira ku zala. Kunja kuli minofu imene imagwira mutu kuti uime bwino. Mutu wa munthu wamkulu pawokha umalemera pafupifupi makilogalamu 5.

Tsono tiyeni tiŵerengere pamodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, kutanthauza kuti mayi wochokera ku mjigo wasanjikiza mitu ina inayi pamwamba pa mutu wake. Akamapita katatu patsiku, pakutha pa chaka wayenda maulendo oposa 1,000. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lopita nalo ku chigayo ndi mitu khumi. Onjezanipo madengu a kabichi ndi matimati opita ku msika wa Lizulu, mbatatesi yochokera m'minda ya ku Tsangano, mitolo ya nkhuni yotsika nayo m'mapiri, uku mwana ali kumsana, ndipo muona kuti khosi la mayi wa ku Ntcheu silidziŵa tchuthi. Amene amatunga m'mipope yochokera ku damu la Mpira akukumbukira chaka cha 2018, pamene damulo linaphwa, mipope inauma, ndipo amayi anayambanso kulaŵirira ku zitsime zakutali. Madzi akatalikira, nkhuni zikasoŵa, limene limalipira ndi khosi.

Amayi a m'tauni musaganize kuti nkhaniyi yakulambalalani. Wosoka pa makina, wolemba pa kompyuta mu ofesi, woluka tsitsi, ngakhale amene amaŵeramira foni mpaka usiku, onseŵa amasiya mutu uli cholendeŵera kutsogolo kwa maola ambiri. Mutu ukatero, minofu ya kumbuyo kwa khosi imakokeka ngati chingwe chogwira mtengo wopendekeka, imatopa, imalimba, kenaka imayamba kuŵaŵa. A chipatala amati ululu ukapitirira miyezi 3 wasanduka wa mgonagona, ndipo ululu wotere suthera pa kumwa mankhwala pokha.

KACHITSULO KOSISITIRA MINOFU

Njira yosisita ndi chida si yatsopano padziko lapansi. Anthu a ku China akhala akuichita kwa zaka mazanamazana, ndipo amaitcha gua sha. Iwo amagwiritsa ntchito nyanga ya njati yosalazidwa bwino, mwala wosalala, kapena supuni yadothi. M'zaka za m'ma 1990, ku America munthu wina wotchedwa David Graston anakonza zitsulo zosachita dzimbiri zopindika mosiyanasiyana kuti zigwirizane ndi ziŵalo za thupi, ndipo lero akatswiri a mafizo m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito zida za mtundu umenewu.

Kachitidwe kake ndi kotere. Wodwala amakhala pa mpando kapena kugona chafufumimba. Wothandizayo amapaka mafuta pakhungu, ndipo amapendeketsa kachitsulo kobuntha m'mphepete ndi kukayendetsa motsatira mnofu, kuchokera kunkhongo kutsikira ku mapheŵa, kwa mphindi zoŵerengeka. Akapeza pamene mnofu walimba ngati mfundo, amabwerezapo modekha. Khungu limatentha, nthaŵi zina pamaoneka timadontho tofiira pansi pa khungu, timene timazilala patapita masiku angapo.

Apa timvetsetsane bwino: uku si kutema mphini. Kachitsulo kameneka sikacheka, ndipo magazi satuluka. Mphini sizifika pa mnofu umene watopawo, zimangosiya zipsera, ndipo lumo limene latema anthu angapo likhoza kufalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiŵindi, pamene bala lodetsedwa ndi khomo la kafumbata.

Kodi kachitsuloko kamathandizadi? M'chaka cha 2011, madokotala a mumzinda wa Essen ku Germany anafalitsa zimene anapeza pa anthu 48 a ululu wa khosi wa mgonagona. Ena anaŵasisita kamodzi m'njira ya gua sha, ena anangoŵaika chofunditsa pamalo oŵaŵawo. Itatha sabata imodzi, osisitidwa aja ndiwo anali ndi ululu wochepa. Koma kuyesako kunathera pa sabata imodzi yomweyo. Yerekezani ndi zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2003 kuchokera ku Finland, kumene anatsatira amayi 180 ogwira ntchito za mu ofesi kwa miyezi 12. Amayi amene anaphunzitsidwa mafizo olimbitsa minofu ya khosi ndi mapheŵa, napitiriza kuŵachita kwawo, pakutha pa chaka ululu wawo unali utatsika kwambiri kuposa wa anzawo amene sanachite mafizo olimbitsawo.

Choncho kachitsulo kali ngati mvula yoyamba imene imafeŵetsa nthaka. Mvulayo ndi yabwino, koma munda sulimidwa ndi mvula. Pafunika khasu, ndipo khasu lake ndi mafizo. Kusisita kumachepetsa ululu kuti khosi lithe kutembenuka, ndipo masiku amene ululu wachepawo ndiwo oyambira kulimbitsa minofu. Wongodalira kusisitidwa adzabwerera kwa wosisita mwezi ndi mwezi, ndalama za mchere ndi sopo zikuthera komweko.

CHENJEZO PA KUSISITA

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kunyezimira kwa chitsulo sikusonyeza kuti wochigwirayo anaphunzira. Kutsogolo ndi m'mbali mwa khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi ku ubongo, ndipo malo ameneŵa sayenera kukandidwa kapena kupanikizidwa ndi chida chilichonse. Sasisitanso pamwamba pa mafupa, pa bala, pa chotupa, pa mwanabere, kapena pa khungu lodwala. Munthu amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, kapena amene magazi ake sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka, asayese n'komwe. Chida chizitsukidwa bwino chisanakhudze munthu wina.

Akatswiri a mafizo alipo m'dziko mwathu muno. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuŵaphunzitsa m'chaka cha 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ku Blantyre komweko kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central, ndi Queen Elizabeth zili ndi zigawo za mafizo. Koma ulendo umayambira pafupi: pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena ku chipatala cha boma pa Ntcheu, fotokozani kuti ululu watha miyezi ingati, ndipo funsani kumene mungaonane ndi a mafizo. Mukapeza kuti alibe kachitsulo musadandaule, pakuti manja a munthu wophunzira amagwiranso ntchito yofeŵetsa minofu.

Kunyumba tili nayo kale njira ya makolo yopanda choopsa, ndiyo kuthoŵa. Viikani kansalu m'madzi ofunda, osati otentha moŵaula, finyani, ndi kuika kunkhongo ndi pamapheŵa kwa mphindi 10 kapena 15. Pambuyo pake mnzanu kapena bambo a kunyumba akusisiteni ndi zala ndi timafuta pang'ono pa minofu ya pamapheŵa. Asakoke mutu, asaupotoze kuti khosi lilire.

MAFIZO OCHITA TOKHA

Mwina wina afunsa kuti, "Ine ndimalima, ndimasinja, ndimasenza, mafizo enanso ndi a chiyani?" Funsoli ndi lomveka. Koma ntchito zathuzi zimaumiriza khosi kukhala malo amodzi kwa nthaŵi yaitali, ndipo zimatopetsa minofu yomweyomweyo, pamene timinofu ta m'kati togwira timafupa tija timafooka. Mafizo amayendetsa khosi mbali zimene ntchito siliyendetsa, ndi kudzutsa minofu imene inagona. Naŵa asanu ndi amodzi osafuna ndalama:

1. Kubweza chibwano. Khalani pa mpando kapena pa mphasa msana uli woongoka, maso akuyang'ana kutsogolo. Bwezani chibwano m'mbuyo pang'onopang'ono monga amachitira kamba pobweza mutu m'chigoba, osaŵerama ndiponso osayang'ana kumwamba. Ŵerengani mpaka 5, masukani, ndipo bwerezani ka 10. Ameneŵa ndiwo mafizo ofunika koposa onse.

2. Kucheuka. Tembenuzirani mutu kumanja modekha kufikira pamene mungathe, imani pang'ono, bwererani pakati, kenaka kumanzere. Chitani ka 5 mbali iliyonse.

3. Kupendeketsa mutu. Tsitsirani khutu la kumanja ku pheŵa popanda kukweza pheŵalo, kufikira mutamva kukoka mbali inayo. Ŵerengani mpaka 20. Chitani katatu mbali iliyonse.

4. Kukankhana ndi dzanja. Ikani chikhatho pamphumi, ndipo mutu ukankhe dzanja, dzanja likankhe mutu, koma mutuwo usasunthe. Ŵerengani mpaka 5 uku mukupuma bwinobwino. Chitani chimodzimodzi kunkhongo ndi m'mbali zonse ziŵiri, ka 5 paliponse, ndi mphamvu yapakatikati.

5. Kupana mapheŵa. Kokerani mapheŵa m'mbuyo ndi pansi, ngati mukufuna kupana chitsononkho pakati pa msana. Ŵerengani mpaka 5 ndi kubwereza ka 10.

6. Kukweza mabotolo. Tengani mabotolo aŵiri a theka la lita odzaza madzi, limodzi m'dzanja lililonse. Kwezani mikono m'mbali kufikira yalingana ndi mapheŵa, ndipo itsitseni pang'onopang'ono. Chitani ka 10. Mukazoloŵera, tengani mabotolo a lita imodzi.

Zonsezi zimatenga pafupifupi mphindi 10, nthaŵi yodikira madzi a nsima kuti aŵire. Chitani m'maŵa ndi madzulo. Kumva kukoka pang'ono kapena kutopa kwa minofu si choopsa, koma mukamva ululu wolasa wothamangira m'mkono, dzanzi kapena chizungulire, lekani ndipo kafunseni ku chipatala. Musayembekezere kusintha pa masiku atatu. Minofu imalimba patapita milungu ingapo, mwina miyezi iŵiri kapena itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza munthu payekha sachedwa kugwa ulesi, ndikupempha atsogoleri a magulu kuti msonkhano uliwonse uziyamba ndi mafizo ameneŵa, amayi onse ataima bwalo, mmodzi akuŵerenga mokweza. Poyamba padzakhala kuseka, koma kusekako nakonso ndi mankhwala.

KUCHEPETSA KATUNDU

Mafizo sangapindule ngati m'maŵa mwake tikusenzanso thumba lathunthu. Thumba la makilogalamu 50 ligaŵeni paŵiri; ndi bwino kuyenda maulendo aŵiri kusiyana ndi kugona mwezi wathunthu pa mphasa ntchito zonse zitaima. Nkhata ikhale yokhuthala ndi yofeŵa, katundu akhale pakati penipeni pa mutu. Posenza ndi potula, pemphani mnzanu akuthandizeni, chifukwa ambiri amavulala pa kukweza ndi pa kutsitsa pomwepo. Muli ndi katundu pamutu musacheuke ndi khosi lokha wina akakuitanani; tembenukani thupi lonse. Polima, posoka kapena polemba, muziŵeramuka kaŵirikaŵiri ndi kubweza chibwano kangapo. Pogona, mtsamiro usakhale wautali mopinda khosi, ungodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi pheŵa mukagona cham'mbali.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Gulu limene limatha kusonkha ndalama zogulira mbale ndi mapoto a pa ukwati likhozanso kugula wilibala imodzi kapena ziŵiri zobwerekana popita ku chigayo ndi ku mjigo. Mbaula ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, choncho imachepetsa maulendo a kuphiri, ndipo mitengo yobzala kuseri kwa nyumba lero idzapulumutsa makosi athu zaka zikudzazi. Abambo amene amaŵerenga tsamba lino mobisa, tikudziŵa kuti mulipo, njinga imene imanyamula matumba a mbatatesi kupita ku msika ikhozanso kunyamula zigubu ziŵiri za madzi kubwera kunyumba. Anyamata athu nawonso aphunzire kuti kutunga madzi sikuchotsa ulemu wa mwamuna.

Koposa zonse tiganizire ana athu aakazi. Mafupa a mtsikana wa zaka 8 kapena 10 akadali kukula, ndipo si bwino kumsenzetsa ndowa ya munthu wamkulu kuti anthu atiyamikire kuti tikulera mwana wolimbika. Mpatseni kandowa kolingana ndi msinkhu wake. M'mera mpoyamba: khosi limene lasamalidwa pa ubwana lidzamtumikira kufikira ukalamba.

Za mankhwala ogula pa okala, Panado akamwedwa motsatira muyeso amathandiza pa masiku oŵaŵa kwambiri. Koma Brufen ndi Indocid, akamamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Amayi oyembekezera asamwe mankhwala ameneŵa popanda uphungu wa dokotala.

ZIZINDIKIRO ZOTHAMANGIRA KU CHIPATALA

Ululu wambiri wa khosi umachokera ku minofu yotopa ndipo suika moyo pa chiswe. Komabe pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuthoŵa, kusisita kapena mafizo, koma ulendo wa ku chipatala.

Khosi likauma mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kudana ndi kuŵala, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Munthu akagwa ali ndi katundu pamutu, kapena akachita ngozi ya njinga kapena galimoto, khosi n'kumaŵaŵa kwambiri, musamkoke kapena kumsisita. Mgonekeni pa chinthu cholimba, mutu usagwedezeke, ndipo mnyamuleni chomwecho. Mkono ukachita dzanzi losatha, zinthu zikamapulumuka m'manja, miyendo ikamafooka kapena mkodzo ukamatuluka wokha, n'kutheka kuti mtsempha wapanikizika. Ululu wokula usiku, pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta pogona kapena zotupa m'khosi, ukhoza kusonyeza chifuŵa chachikulu kapena khansa. Chotupa cha kutsogolo kwa khosi chikhoza kukhala chithokomiro. Ululu wa khosi kapena nsagwada wobwera pamodzi ndi kuthina kwa pachifuŵa ndi kubanika ukhoza kuchokera ku mtima. Pa zonsezi musataye masiku ndi kufunafuna amene wakulodzani. Safunsa anadya phula.

Amayi anzanga, tinaleredwa kuti mkazi wolimba sadandaula, ndipo ambiri a ife timabisa ululu kufikira dzanja litalephera kugwira mthiko. Koma mayi akagona, moto wa m'nyumba umazima, ana amapita ku sukulu ndi njala, dimba limauma. Kusamala khosi si ulesi kapena kudzikonda, ndi kusamala banja lonse limene khosilo lasenza. Amene ali ndi mwayi wosisitidwa ndi katswiri wophunzira, asisitidwe, ndipo agwiritse ntchito mpumulowo kuyamba mafizo. Amene alibe mwayiwo asadzione wotsalira, chifukwa mbali yaikulu ya chithandizo ili kale m'manja mwake: mphindi 10 m'maŵa, mphindi 10 madzulo, ndi katundu wogaŵa paŵiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Dulani tsamba lino, kaliŵerengeni ku gulu lanu kuti nawonso osadziŵa kuŵerenga amve, ndipo mukachita mafizoŵa kwa miyezi iŵiri tilembereni kudzera kwa mkonzi kutiuza mmene mwaonera. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya maŵa.